Nkhadze Zimene Amalume Anabzala ku Chifunde

Ndimaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale ku Nsadzo. Chaka china akulu a sukulu anatiuza kuti mphunzitsi aliyense asonkhanitse mbiri ya kwathu kuno yoti tiziphunzitsa ana, poti m'mabuku mumachuluka za kutali. Mnzanga wina anasankha za magule, wina za mitengo ya mankhwala. Ine ndinati ndilemba za nthawi imene vila ya Chifunde, tauni yaing'ono ya boma lathu, inalandidwa ndi ankhondo a m'tchire. Ndinkaganiza kuti ntchito yanga ikhala yosavuta, chifukwa m'banja mwathu momwemo munali munthu amene analipo.

Munthuyo ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Ine nkhondoyo sindinaione. Ndinabadwira ku Zambia kumene amayi anathawira ali ndi pakati, ndipo tinabwerera kuno mtendere utabwera, ine ndikuyamba kumene kugweluka mano. Amalume tinawapeza ku Mualadzi akulima, akutsimphina mwendo wakumanzere. Zimene ndinkadziwa za iwo zinali zochepa. Anatengedwa kupita ku tropa, ndiye kuti usilikali wa boma, ali mnyamata wosakwatira, ndipo nkhondo inawapeza ku Chifunde.

Amayi ndi amalume sankadana. Amalume akabwera kwathu ankawaphera nkhuku, pobwerera n'kuwapatsa mtedza. Koma ankakhala motalikirana, ndipo nkhani zawo zinali za mvula ndi za mbuzi basi. Mng'ono wanga atabadwa, amayi anachita zotheka kuti amalume asamunyamule. Nditakula ndinawafunsa chifukwa chake. Anandiuza kuti munthu amene wapha mnzake amayenda ndi chirope, magazi a wophedwayo amamutsata, ndipo khanda silichedwa kutengera. Ndinafunsa ngati amalume anaphadi munthu. Anati sakudziwa, sanawafunsepo, ndipo sakufuna kudziwa. Amayi sajomba Misa, koma za chirope sankaseka nazo.

Tchuthi chitayamba ndinapita ku Mualadzi ndi kaderno yatsopano, kope la chikuto cholimba. Ndinawapeza amalume akumanga nkhokwe. Titapatsana moni ndinawafotokozera za ntchito yanga, ndipo anamvetsera mpaka ndinamaliza.

“Lemba kuti ndinapita, ndinabwerako,” anatero. “Ena sanabwereko.”

Kenako anandipempha kuti ndiwagwirire nsungwi pamene iwo ankamanga luzi. Ndinagwira nsungwi tsiku lonse. Ndinayesanso kuwafunsa m'mawa mwake, koma anandionetsa mmene anankafumbwe anadyera chimanga cha chaka chatha. Ndinabwerera ndi kaderno yolembedwa mzere umodzi, ndipo kunena zoona ndinakwiya. Ndinaganizanso kuti mwina amayi sankalakwa, kuti munthu sabisa chinthu chabwino.

Ndinakwera mota, njinga yamoto ya hayala, kupita ku Chifunde, n'kukafikira kwa mnzanga amene ndinaphunzira naye za uphunzitsi. Ku ofesi ya boma ndinapeza mnyamata waulemu, wobadwa nkhondo itatha. Anati mapepala a nthawi imeneyo kulibe, ambiri anapsa ndi nyumba yakale. Koma anandilozera kukhonde la telala pafupi ndi msika, kumene amakhala madala atatu amene anaona zonse.

Ndinakhala nawo masiku awiri. Woyamba anati adani analowa kuchokera kuphiri tambala asanalire. Wachiwiri anati ayi, anachokera kumtsinje dzuwa litatuluka kale. Anakangana mpaka telala anaimitsa makina kuti amve. Kenako woyamba uja anaseka n'kundiuza kuti mwina ndimvere mnzakeyo, poti mnzakeyo ndiye anali m'gulu la obwerawo, a m'tchire aja. Ndinayang'ana wachiwiri uja, koma iye anangopitiriza kusenda nzimbe, n'kudulako mfundo imodzi kupatsa mnzake. Wachitatu anali wofatsa. Anati iye sanaone kanthu, chifukwa anali m'ngalande nkhope ili m'dothi, ankangomva phokoso ndi kupemphera. Pa atatuwo ndinakhulupirira kwambiri ameneyo.

Anandiyendetsa m'vila monse. Anandionetsa pamene panali nyumba za asilikali, pano pali chigayo. Ngalande ija inakwiririka, ndipo mayi wina anabzalamo mbatata. Pa khoma lina lakale anandigwiritsa chala pamalo pamene anamata mabowo a zipolopolo, simenti yake yosiyana mtundu. Ndinajambula mapu m'kaderno, mivi iwiri yoloza kosiyana. Koma nditatchula dzina la amalume, onse anapukusa mutu. Anati asilikali ankachokera kulikonse, ndipo ankaitanana ndi mayina achipongwe.

Tsiku lachitatu ndinali wokonzeka kubwerera. Ndinaima pa msika kugula nthochi za panjira kwa mayi wina wachikulire, wa maso ofiira ndi utsi. Anali atandiona ndikuyenda ndi madala aja, ndiye anafunsa chimene ndinkalemba. Nditamuuza anati amuna amakonda kunena za tsiku limodzi la mfuti, koma iye anakhala m'vilamo nthawi yonse imene inali m'manja mwa obwerawo, madzinja awiri athunthu. Sanathawe chifukwa amayi ake sankatha kuyenda. Sindikudziwa chimene chinandichititsa, koma ndinatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha amalume chimene ndinajambula pa ukwati wina. Anachiyang'ana nthawi yaitali, atachitalikitsa ndi maso.

“Kodi amatsimphina?” anafunsa.

“Eya, mwendo wakumanzere.”

“Ali moyo?”

Nditavomera anaika nthochi pansi, n'kukhala pa chitini chimene anali nacho. Anapempha mnzake kuti amuyang'anire malonda. Zimene anandiuza ndinalemba madzulo a tsiku lomwelo, ndipo ndikuzinena mmene anazinenera.

Vila itagwa, asilikali a boma amene anapulumuka anathawira kumtsinje. Amalume sanathe kuthawa chifukwa chipolopolo chinawalasa pa ntchafu. Obwerawo anawapeza, ndipo m'malo mowapha anawapatsa khasu, poti mitembo inali mbwee ndipo kunali kotentha. Anauzidwa kuti akumbe dzenje limodzi lalikulu kuseri kwa nyumba imene kale ankasungiramo thonje. Iwo anakumba manda a munthu mmodzimmodzi. Anamenyedwa chifukwa chochedwa, koma mawa lake anapitiriza chimodzimodzi, mwendo atamanga ndi chigamba cha malaya. Pambuyo pake obwerawo anangowasiya, chifukwa panalibe wina wofuna ntchitoyo, ndiponso ena mwa akufawo anali anzawo.

Za tsiku la mfutizo zitatha, imfa sinathe. Kunabwera njala, kutsekula m'mimba, chikuku. Anthu otsala m'vila anali okalamba, odwala ndi amayi a ana ang'ono, ndipo panalibe amuna okumba manda. Amalume ndiwo anakhala mdzukulu wa vila yonse. Mayiyo anati amalume ankaonetsetsa kuti munthu wagona moyenera, mutu kumene umayenera kuloza, ndipo ankanena pemphero la Atate Athu pa aliyense, wa boma ndi wa m'tchire yemwe, wobatizidwa ndi wosabatizidwa. Akamaliza ankathyola nthambi ya nkhadze n'kuizika kumutu, kuti tsiku lina abale adzadziwe pofikira. Utomoni wa nkhadze unawatupitsa maso kangapo. Amayi ake a mayiyo atamwalira, ndi amalume amene anawanyamula pamsana kuchokera m'nyumba, chifukwa panalibe woti agwire mbali ina ya mphasa. Tsiku lina amalume anangosowa, ndipo anthu anaganiza kuti aphedwa.

Anandiperekeza kukaona. Nyumba ya thonje inagwa kalekale, patsala maziko. Kuseri kwake kuli nkhadze zazitali kuposa denga la nyumba, zothithikana. Ndinali nditadutsapo dzulo lake ndi madala aja, n'kuganiza kuti ndi mpanda wa munda wa munthu. Koma mutaima pakona n'kuyang'ana bwino, mumaona kuti zili m'mizere. Mayiyo anapita molunjika pa imodzi, n'kuzula udzu umene unamera patsinde. Anati pamenepo ndi pamene anagona amayi ake, ndipo amabwera chaka chilichonse mvula isanayambe. Za manda enawo sankadziwa kuti muli ndani.

Sindinabwerere ku Nsadzo. Ndinapita ku Mualadzi. Amalume anali atakhala pa mpando wachikopa pakhonde, akusongola mpini. Sindinatulutse kaderno. Ndinangokhala pansi n'kunena kuti ndachokera ku Chifunde, ndipo ndaona nkhadze kuseri kwa nyumba ya thonje. Mpeni unaima. Ndinayamba kudandaula kuti ndawalakwira.

“Zinamera?” anafunsa.

“Zinamera, amalume. Zatalika kuposa nyumba ino.”

“Zonse?”

“Sindinawerenge. Koma mizere ikuoneka.”

Anapukuta nkhope ndi chikhatho, n'kulowa m'nyumba. Atatuluka anandiuza kuti nditenge kaderno ija. Zaka zonsezo sanapondenso ku Chifunde, ndipo ankaganiza kuti nthambizo zinauma kapena zinapsa ndi lupsa, kuti anthu aja anasowa monga mmene akanasowera m'dzenje limodzi.

Ndinalemba masiku awiri. Ankayamba mzere wa kufupi ndi khoma, kuchokera kumanja, ngati munthu amene akuwerenga mizere ya m'munda mwake. Ena ankawadziwa mayina ndi kwawo. Ambiri ankangowakumbukira maonekedwe: wina wa chipsera pachibwano, wina amene anali ndi kolona m'thumba, mayi wa mphini pamasaya, mnyamata wa gulu la m'tchire wa mpata m'mano, amene anavala mkanda wofiira padzanja lamanzere. Anati ankawabwereza mumtima polima, kuopa kuwaiwala, ngakhale sankadziwa woti adzamuuze. Pena ankasokoneza, n'kubwerera poyambira. Panali anayi amene anawaiwaliratu, ndipo zimenezo zinawavutitsa kwambiri.

Anandiuzanso mmene anathawira. Anatumidwa kukatema mitengo kutali pang'ono ndi vila, womulondera anagona, iwo n'kungopitirira kuyenda. Za tsiku la nkhondo lenilenilo ananena zochepa, ndipo sindinawakakamize. Koma madzulo a tsiku lachiwiri, ndikutseka kaderno, anayankha funso limene sindinafunse.

“Ndikudziwa zimene amayi ako amaopa. Tsiku lija ndinawombera. Tonse tinawombera. Ndinkaloza ku utsi, munthu osamuona. Ngati chipolopolo changa chinapeza wina, ndiye kuti ndinamuika m'manda ndi manja angawa, poti onse ndinawaika ine.”

Ndinafunsa ngati zimenezo ndilembe. Anati ndilembe.

Nditabwerera kwathu, amayi ndinawapeza akusankha nyemba m'lichero. Ndinawafotokozera zonse, ndi za kuwombera zomwe, osachotsa kanthu. Anapitiriza kusankha nyemba mpaka zinatha, n'kunyamuka kukatunga madzi. Ndinaganiza kuti nkhaniyo yathera pomwepo. M'mawa mwake tikupita kudimba anayamba kunena okha. Anati mlongo wawoyo ali mwana ankaopa maliro kuposa ana onse a m'mudzi. Akangomva kulira kwa maliro ankathawira m'chimanga, ndipo iwo monga wamkulu ndiwo ankapita kukamufuna. Anaseka pang'ono pokumbukira, kenako anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Asanafike kudimba anafunsa kuti ku Chifunde tipita liti.

Tinapita atatu m'chilimwe, misewu itauma. Amalume anavala jekete la ku tchalitchi ngakhale kunali kotentha. Pa msika mayi wa nthochi uja anawazindikira tisanafike. Anaimirira, n'kugwada, amalume nawonso n'kuvula chipewa, ndipo anagwirana manja nthawi yaitali. Anafunsana za ana ndi za minda ngati anthu amene anasiyana mwezi watha. Madala a kwa telala aja anabwera kudzaona, ndipo wachiwiri uja, wa gulu la obwera, anati tsopano wakumbukira, ankamuona mnyamata wa khasu. Amalume anamupatsa moni bwinobwino.

Kuseri kwa maziko aja amalume anaima kaye pakona. Kenako anayamba kuyenda m'mizere, akugwira tsinde lililonse, ine ndikuwerenga m'kaderno. Sizinayende bwino paliponse. Nkhadze zina zinagwa n'kuphukira pambali, zina zinaberekana, moti mzere wachitatu tinalephera kuulongosola. Amalume anatuluka thukuta, akubwerera kukhoma n'kuyambiranso. Amayi ndiwo anawauza kuti apume, zotsalazo Mulungu akuzidziwa. Anayala chitenje pansi, nagwada, nayamba kolona, ndipo ife tinayankha. Pobwerera kumsika ndinatsalira m'mbuyo ndi mayi wa nthochi. Amayi ankayenda pambali pa mlongo wawo, mwapang'onopang'ono kuti afanane naye, ndipo ndinawamva akufunsa ngati mwendowo umapwetekabe kukazizira.

Zimene ndinalemba ndinakopera pa mapepala abwino. Kope limodzi ndinapereka ku sukulu monga anatituma, ndipo ana amakonda kwambiri za madala okangana aja. Lina ndinapereka kwa ansembe a parishi yathu, amene anati aliwerenga m'matchalitchi ang'onoang'ono akamayendera, n'kutumizanso kwa anzawo a maparishi ena. Mabanja awiri a ku Chifunde komweko anapeza abale awo msanga, chifukwa mayina analipo. Anthu a pafupi anayamba kulambula malowo. Za aja opanda mayina panadutsa miyezi osamva kanthu, mpaka ndinaleka kuyembekezera.

Chimanga chitayamba kucha ndinalandira uthenga kuchokera kwa katekisiti wa mudzi wina wa kufupi ndi malire. Anati kuli gogo wina amene anamva za mnyamata wa mpata m'mano ndi mkanda wofiira, ndipo kuyambira tsiku limenelo sakudya bwino. Mwana wake anatengedwa ndi a m'tchire akuweta ng'ombe, ndipo sanamvenso za iye. Mkandawo anamumanga yekha ali wamng'ono chifukwa ankadwaladwala.

Ndinachita mantha. Anyamata a mpata m'mano ndi ambiri, mikanda yofiira ndi yambirinso, ndipo sindinkafuna kupatsa munthu manda a mwana wa wina. Ndinawauza amalume nkhawa yangayo. Anati timulole abwere, afunse yekha.

Tinakumana naye ku Chifunde. Anali wamfupi, wowerama msana, ndipo anabwera ndi mpongozi wake pa mota. Sanafune kupita kumanda asanalankhule ndi amalume. Anakhala pansi pa mthunzi n'kuwafunsa mafunso ambiri, modekha, ngati munthu wogula mbuzi. Anafunsa za msinkhu, za khungu, za makutu. Zina amalume anayankha, zina anati sakukumbukira, ndipo sanawonjezere kanthu kuti amusangalatse. Pomaliza gogoyo anafunsa ngati panali china chilichonse pa mapazi. Amalume anatseka maso. Anati mnyamatayo analibe nsapato, ndipo chala chaching'ono cha phazi limodzi chinakwera pamwamba pa chinzake. Zimenezo sanandiuzepo, ndipo m'kaderno munalibe.

Gogoyo anayang'ana mpongozi wake, n'kugwedeza mutu.

“Ndi chala cha bambo ake,” anatero.

Manda ake anali mu mzere woyamba, umene amalume sankakayika. Anamuperekeza mpaka patsinde, n'kubwerera kudzaima ndi ine ndi mpongozi uja pa maziko a nyumba ya thonje. Tinkayembekezera kulira, koma gogoyo sanalire. Anakhala pansi, natambasula miyendo, nayamba kulankhula ndi mwana wake. Mphepo inkatibweretsera mawu ena. Anamuuza kuti bambo ake anamwalira chaka cha dzombe, kuti mlongo wake anakwatiwa ndipo ali ndi ana asanu, woyamba anamutcha dzina lake. Anamuuza kuti ng'ombe zija sizinabwerere, koma pano ali ndi mbuzi. Anamuuza za chitsime chatsopano, za msewu, za amene anasamuka ndi amene anatsala. Pena ankaima ngati akudikira yankho, kenako n'kupitiriza.

Analankhula mpaka mthunzi wa nkhadze unafika pamene tinaima. Wa mota anabwera kawiri kudzafunsa, ndipo amalume anamuuza kuti adikire. Atamaliza gogoyo anadzuka yekha, nasasa fumbi pa chitenje. Anapempha mpeni, nadula kanthambi kamodzi ka nkhadzeyo, nakakulunga m'tsamba la nthochi kuti utomoni usamudonthere. Anati akakabzala kwawo, pafupi ndi pamene anagona mwamuna wake. Kenako anatiuza kuti ali ndi njala, ndipo tinapita naye kumsika kukamugulira chakudya asanayambe ulendo.